MWEZI WOYAMBA WA MWANA WOPULUMUKA M'NGOZI



Akuluakulu anati cakudza siciimba ng'oma. Palibe sukulu imene inalembapo pa ndandanda ya maphunziro tsiku limene mphezi idzakantha mtengo wa pabwalo ana ali pansi pace, kapena tsiku limene lole yonyamula osewera mpira idzagubuduzika pa mseu, kapena limene ng'ona idzagwira mwana padooko anzace alikuona. Koma tsiku lotere likafika, akufa aikidwa m'manda, obvulala atengedwa kunka ku cipatala, ndipo otsalawo, amene thupi lao liribe bala, abwerera ku sukulu Lolemba lace nakhala pa mabenci ao pamaso pa mphunzitsi. Anthu anena kuti amenewa ndiwo amwai. Mau a lero ali a ana amenewa, makamaka za masiku 30 oyamba, pakuti m'masiku amenewo mphunzitsi akhala nao maola ambiri koposa dotolo, ndipo nthawi zina koposa makolo ao omwe.

Nkhani imene inatsegula maso a madotolo pa zimenezi inacitika kutali, koma inagwera ana a sukulu, cifukwa cace iyenera kufotokozedwa bwino. M'dziko la United States, m'cigawo ca California, muli tauni yaing'ono ya alimi yochedwa Chowchilla. Pa 15 July 1976, dzuwa litapendeka, basi ya sukulu ya Dairyland inali kubweza ana kwao kucokera kokasambira. Munali ana 26, wamng'ono wa zaka 5, wamkulu wa zaka 14, ndipo woyendetsa wao anali bambo Ed Ray. Pa mseu wina wa kuminda anapeza galimoto itaima copingasa. Pamene anacepetsa liwiro, anatulukira munthu wa mfuti wobisa nkhope yace ndi sokosi ya nailoni, ndipo anali ndi anzace awiri. Anthu atatuwo anabisa basi m'khwawa louma, nalowetsa ana m'magalimoto awiri otsekeka ponseponse, nayenda nao maola ngati 11 mumdima, osaima ngakhale pang'ono kuti mwana akataye madzi.

Kusanace anafika ku mgodi wa miyala ku Livermore, mtunda wa mailosi ngati 100. Kumeneko anali atakwirira kale lole yaikulu ya katundu pansi pa nthaka. Mwana ali yense anafunsidwa dzina lace, natsitsidwa pa makwerero kulowa m'dzenjemo, momwe munali matiresi, madzi ndi zakudya pang'ono. Pakamwa pa dzenje anatsekapo ndi citsulo, nasanjikapo mabatire awiri olemera, nakwirira ndi dothi. Cimene anafuna cinali dipo la madola 5,000,000. Anawo anakhala pansi pa nthaka maola ngati 16; denga linayamba kupindika ndi kulemera kwa dothi, ndipo mpweya unacepa. Pomaliza bambo Ray ndi anyamata okulirapo anaunjika matiresi, nakwera pamwamba pace, nakankha citsulo cija, nakumba kufikira kuwala kunaoneka. Onse 27 anatuluka amoyo, ndipo panalibe ndi mmodzi yemwe wobvulala kwambiri m'thupi.

Tsono cimene cinatsata ndico ciyenera kusinkhidwasinkhidwa ndi aphunzitsi. Madotolo anapima anawo, napeza matupi ali bwino, nawabwezera kwa makolo. Tauni yonse inakondwa, ndipo ana anatengedwa kukasangalala ku Disneyland kuti aiwale. Dotolo wina anauza makolo kuti mwa ana 26 aja kapena mmodzi yekha ndiye adzabvutika mumtima. Mau amenewa ananenedwa ndi mtima wabwino, koma anatseka pakamwa makolo onse, pakuti panalibe kholo lofuna kubvomera kuti mwana wace ndiye mmodziyo. Cotero mai ali yense anagona ndi mwana wopfuula usiku, nayesa kuti kwa anansi ace kuli bata.

Panapita miyezi 5 asanafike munthu wofunsa anawo za m'mitima yao. Ameneyo anali Lenore Terr, dotolo wa matenda a maganizo a ana, wocokera ku San Francisco. Anaceza ndi ana 23, ndipo anapeza kuti onse 23 anali obvutika, wosatsalako ndi mmodzi yemwe. Analota maloto oopsa usiku ndi usiku, ena nalota imfa yao yomwe. Anaopa kugwidwanso, komanso anaopa zinthu wamba zimene sanaziope kale, monga mdima, magalimoto ndi anthu acilendo. Ena anasewera masewera a basi tsiku ndi tsiku, masewera opanda kuseka, obwereza cinthu cimodzimodzi osafika pamapeto. Ena anakumbukira nkhope za anthu amene sanalipo konse pa tsikulo, ndipo sanali kunama, koma mantha anasokoneza cimene maso anaona. Pamene dotoloyo anabwerera patapita zaka 4, napima ana 25, anapeza kuti onsewo anali cisenzere katundu wao, ndi kuti ambiri sanayembekeze zabwino m'tsogolo mwao.

Cinthu cimodzi cimene Terr anapeza sicidzadabwitsa munthu wokulira kumudzi. Ana ambiri anayang'ana m'mbuyo nafunafuna malodza. Wina anakumbukira kuti m'mawa mwa tsikulo anakangana ndi amace, nati kumeneko ndiko kunali cenjezo limene iye sanalimvere. Mtima wa mwana sukhoza kupirira ganizo lakuti coopsa cingadze popanda cifukwa, tsono upeka cifukwa, ndipo kawirikawiri cifukwaco cigwera mwana mwini. Kuno kumene nkhani za malodza ndi za ufiti ziri pakamwa pa akulu omwe, mwana wopulumuka pamene mnzace wafa angamve m'mudzi mau otsimikiza cimene iye ali kudziimba naco mlandu kale. Mphunzitsi amene adzauza mwana wotere poyera kuti, palibe cimene unacita cimene cinaitana mphezi, adzamcotsera mtolo wolemera koposa msinkhu wace.

Pa nthawi ya Chowchilla bvuto ili linalibe dzina m'mabuku a madotolo. M'caka ca 1980 bungwe la American Psychiatric Association linalemba m'buku lace la matenda a maganizo nthenda yochedwa post-traumatic stress disorder, ndiyo kubvutika mtima kokhalitsa pambuyo pa coopsa. Koma dzina limenelo linayamba kuperekedwa kokha ngati mwezi wathunthu wapita, cotero munthu wobvutika m'sabata yaciwiri analibe pomlemba. Cifukwa cace m'caka ca 1994 anaonjezapo dzina lina, acute stress disorder, ndiko kusokonezeka kwa mtima kwa masiku oyamba. Monga mwa buku la 2013, dzina ili liperekedwa kuyambira tsiku lacitatu kufikira mwezi umodzi, kwa munthu amene anaona imfa, kubvulala koopsa kapena kugwiriridwa, ngati aonetsa zizindikiro 9 mwa 14 zolembedwa, ndipo zizindikirozo zimlepheretsa kukhala monga mwa masiku onse.

Sikufunika kuti mphunzitsi aloweze zonse 14 monga alowezetsa ana matebulo. Cofunika ndico kudziwa maonekedwe ace m'kalasi. Pali mwana amene coopsaco cimbwerera osaciitana: ali pakati polemba, ndipo mwadzidzidzi aona madzi aja, amva kulira kuja, ngati ziri kucitika tsopano. Mwa ana ang'ono kubwerera kumeneku kuoneka m'masewera ndi m'zojambula, kapena m'maloto oopsa amene mwana sakhoza kuwafotokoza kutaca. Pali mwana wolambalala, amene adzera njira yaitali kuti asapite pa mlatho uja, nakana kukhala pa benci limene anakhalapo ndi malemu. Pali mwana wosagona, wopsa mtima msanga, amene adzidzimuka citseko cikamenyetseka, ndipo maso ace ali pazenera nthawi zonse. Awerenga mzere umodzi katatu osagwirapo kanthu. Onsewa aoneka msanga, pakuti asokoneza kalasi.

Wobvuta kumzindikira ndiye mwana wongoti duu. Sakulira, sakudandaula, alemba zimene auzidwa. Akafunsidwa ati ali bwino. Koma iye aona dziko ngati ali m'maloto, amva mau a mphunzitsi ngati acokera kutsidya la mtsinje, ndipo nthawi zina sakumbukira mbali yaikulu ya cimene cinacitika. Cimwemwe camthera, ngakhale mpira umene anaukonda saukondanso. Akulu amyamika kuti ngwolimba mtima, namuonetsa kwa anzace monga citsanzo. Pamenepa mpamene mwambi uja wa cikomekome ca mkuyu ukwanira, pakuti m'kati muli nyerere. Buku limene Terr analemba za ana otere m'caka ca 1990 analicha Too Scared to Cry, ndiko kunena kuti mantha angakule kufikira kuumitsa misozi.

Cocititsa cace ciri m'mapangidwe a thupi, ndipo si ulesi kapena mwano. M'kati mwa bongo muli kaciwalo kakang'ono ngati nsawa, kochedwa amygdala, kamene nchito yace iri ya mlonda. Mlonda ameneyu akaona coopsa acenjeza thupi lonse munthu asanayambe kuganiza, ndipo tiziwalo tokhala pamwamba pa impso tithira adrenaline m'mwazi. Mtima ugunda msanga, mpweya ufulumira, minofu ikungika, kuti munthu athawe kapena alimbane; ndipo ngati palibe kothawira, monga m'dzenje lija la ku Livermore, thupi lingoti kakasi. Zonsezi nzabwino pa ola la ngozi. Bvuto lidza pamene ngozi yatha koma mlonda sanamve kuti yatha. Iye wasunga pfungo, phokoso ndi mtundu wa tsiku lija, ndipo ciri conse cofanana nazo cimdzutsa. Kumuuza mwana wotere kuti leka mantha kuli ngati kuuza wodwala malungo kuti leka kunjenjemera.

Apa payenera kucenjeza, kuti aphunzitsi angayambe kuona nthenda mwa mwana ali yense wolira. Kunjenjemera, kusagona ndi kulota zoopsa m'masiku oyamba ndiwo macitidwe a thupi lamoyo, ndipo anthu ambiri acira okha m'masabata owerengeka ngati ali pakati pa abale ao ndipo coopsaco catha. Bungwe la World Health Organization, m'buku lace latsopano la maina a matenda limene linayamba kugwira nchito m'caka ca 2022, siliwerengera kudzidzimuka kwa masiku oyamba pakati pa matenda a maganizo. Ndiponso Richard Bryant wa ku Sydney, amene wafufuza nkhaniyi zaka zambiri, anaonetsa kuti dzina la acute stress disorder silikhoza kulosera bwino za m'tsogolo: ena oligwera acira, ndipo ambiri mwa iwo amene adwala pambuyo pace sanaonetse zizindikiro zokwanira m'mwezi woyamba. Tanthauzo lace kwa mphunzitsi nlakuti sayenera kusankha ana awiri opfuula nati awa ndiwo odwala, otsalawo ali bwino. Kumeneko ndiko kulakwa kwa ku Chowchilla. Ayenera kuyang'anira onse amene analipo, ndi kupitirira kuwayang'anira mwezi utatha.

Nanga acite ciani? Coyamba cimene mtima wabwino ufuna kucita ndico kusonkhanitsa ana onse, ndi kuuza ali yense aimirire nafotokoze zimene anaona, kuti zituluke. Njira yofanana ndi imeneyi, ya kukhalitsa pansi opulumuka kamodzi kokha ndi kuwafotokozetsa zonse, inafala kwambiri m'zaka za 1980 ndi 1990, ndipo pamene inayesedwa bwino siinapezeke yothandiza. Ku Oxford, pakati pa anthu akulu obvulala m'ngozi za pamseu, zotsatira zofalitsidwa m'caka ca 2000 zinaonetsa kuti patapita zaka 3 iwo amene anali obvutika kwambiri paciyambi nafotokozetsedwa motero anatsalira m'mbuyo pocira, kuyerekeza ndi anzao amene anasiyidwa. Lero World Health Organization iletsa njira imeneyi. Bala latsopano silikandidwa. M'kalasi muli coopsa cina coonjezera, pakuti mwana amene anaona pang'ono adzamva kwa mnzace zimene maso ace sanaone, napita nazo kunyumba. Cimodzimodzi kupatsa kalasi nkhani yolemba ya mutu wakuti Tsiku la Ngozi sikuyenera.

Koma kusakakamiza sikutanthauza kutseka pakamwa. Pakati pa ziwirizi pali njira imene bungwe lomwelo, pamodzi ndi mabungwe ena awiri, linaifotokoza m'kabuku ka cithandizo coyamba ca mtima m'caka ca 2011, ndipo mitu yace iri itatu: kuyang'ana, kumvetsera, ndi kulumikiza munthu kwa iwo amene angamthandize. Mphunzitsi auze ana kamodzi, ndi mau ofatsa, kuti ali yense wofuna kulankhula adzampeza pansi pa mtengo wakuti pa nthawi yopuma, ndipo akhaledi pamenepo tsiku ndi tsiku, ngakhale asadze munthu sabata yonse. Mwana akadza, amleke anene zimene afuna ndi kulekeza pamene afuna. Akafunsa, ayankhidwe zoona monga mwa msinkhu wace. Mwambo wouza mwana kuti mnzako wapita ku ulendo ucokera m'cifundo, koma mwana amene anaona mtembo ndi maso ace aphunzirapo cinthu cimodzi cokha, cakuti nkhaniyi siinenedwa ndipo akulu sakhulupirika.

Mankhwala amphamvu amene sukulu iri nao ndiwo belu. Lilire pa nthawi yace, ana afole monga kale, nyimbo ya m'mawa iimbidwe, kusesa kucitike, masamu atsate kuwerenga monga mwa ndandanda. Tsiku lodziwika mathero ace liuza mlonda uja wa m'bongo kuti dziko labwerera m'malo mwace. Koma m'kati mwa dongosolo lomwelo katundu apepuzidwe: mayeso akhoza kudikira, nchito ya kunyumba icepe, ndipo mwana woopa citseko akhale pamene aona khomo. Mwana wokana kudzera pa mlatho asakokedwe. Apite ndi wamkulu amene amkhulupirira, lero kufikira pamene mlatho uonekera, mawa pafupi pang'ono. Ndipo mwana wojomba asaiwalidwe, pakuti sabata iri yonse imene akhala kunyumba ikulitsa phiri limene adzakwera pobwerera.

Za mkwapulo mau ngacidule. Lamulo la Maphunziro la Zambia la caka ca 2011 liletsa kumenya mwana pa sukulu, ndipo ngakhale lamulolo likadapanda kukhalapo, kukwapula mwana wodzidzimuka cifukwa sanamvetsere ndiko kuthira nkhuni pa moto umene ufunika kuzimidwa. Kumene mphunzitsi ayenera kulimbika ndi kwa makolo. Mwana wa zaka 8 amene analeka kalekale kukodza pamphasa angayambenso, angayamwe cala, angakakamire pa citenje ca amace ngati khanda. Malangizo a World Health Organization a caka ca 2013 anena za kukodza kumeneku mwacindunji, kuti olera ana aphunzitsidwe kuipa kwa cilango pa nkhani yotere. Kumcititsa manyazi pamaso pa abale ace, kapena kumyanikitsa mphasa poyera kuti mudzi uone, kutalikitsa bvuto. Malangizo omwewo aletsa kupatsa ana kapena akulu mapiritsi ogonetsa a mtundu wa diazepam m'mwezi woyamba. Ndipo ndi bwino kholo liuzidwe lisanapatse mwana theka la piritsi la agogo ace.

Kuti asadalire kukumbukira kwace, mphunzitsi asunge kabuku, kosaonetsa ana, momwe alembe tsiku la ngozi ndi maina a onse amene analipo, osaiwala iwo amene anaonera patali ndi abale a malemu a m'makalasi ena. Pa Cisanu ciri conse alembe mzere umodzi pa dzina liri lonse. Cofunika kuona ndico kumene zinthu zirikupita: kodi mwana agona bwinopo kuposa sabata yatha, kodi wayambanso kusewera? Ngati zizindikiro zikula m'malo mocepa, kapena mwezi wakwana ndipo palibe kusintha, nthawi yodikira yatha, ndipo mwana apite ndi makolo ace ku cipatala. Koma pali zina zosayembekezera mwezi: mwana wonena za kudzipha, wokana kudya ndi kumwa, wosazindikira abale ace, kapena amene coopsa cace ciri m'nyumba momwe agona, monga wogwiriridwa ndi wacibale. Ameneyo athandizidwe tsiku lomwelo, kudzera kwa mphunzitsi wamkulu ndi cipatala. Ndipo nambala ya lamya ya 116 ndiyo ya cithandizo ca ana m'Zambia, yosalipira.

Ena adzati kutumiza kuli ndi phindu lanji, popeza madotolo a maganizo ngowerengeka ndipo Chainama iri kutali ku Lusaka. Funso limeneli nlacilungamo, komabe yankho lace lasintha. Cithandizo cimene capezeka camphamvu si mapiritsi ai, koma maceza okonzedwa bwino, momwe mwana aphunzira poyamba kukhazika thupi lace pansi, ndipo pambuyo pace, pang'onopang'ono ndi pa masabata ambiri, afotokoza nkhani yace kwa munthu wophunzitsidwa kufikira iyo ileka kumluma. Kusiyana kwace ndi kufotokozetsa koletsedwa kuja nkwakuti uku kucitika kwa mwana amene waoneka kuti sakucira yekha, atakonzekera, ndipo sikutha tsiku limodzi. Njira imeneyi inayesedwa mu Lusaka momwe ndi Laura Murray ndi anzace, pa ana 257 a zaka 5 kufikira 18, amasiye ndi ena okhala m'mabvuto, ndipo zotsatira zinafalitsidwa m'caka ca 2015. Mwa iwo amene analandira macezawo zizindikiro zinatsika ndi magawo ngati 82 pa 100, pamene mwa olandira cithandizo ca masiku onse zinatsika ndi magawo ngati 21. Ndipo opereka macezawo sanali madotolo, koma anthu wamba a m'makomboni amene anaphunzitsidwa ndi kuyang'aniridwa.

Patsala munthu mmodzi amene dzina lace kawirikawiri silirembedwa m'kabuku kaja, ndiye mphunzitsi mwini. Ngati anali pa lole, ngati ndiye ananyamula mwana kucokera padooko, mlonda wa m'bongo mwace ali maso monga wa ana, ndipo pamwamba pace asenza funso lakuti kodi sakadacita mwina. Iye adzafika m'mawa atabvala bwino, nadzaima kutsogolo, pakuti ayesa kuti ndiyo nchito yace. Anzace adzangoona kuti wayamba kukalipa, kapena kuti acedwa ku mowa. Mphunzitsi wamkulu asamdikire kuti adandaule. Amcepetsere maphunziro m'masabata oyamba, apatse wina kabuku ka kalasi lace kuti asunge, ndipo pa Cisanu, polemba mizere ya ana, alembenso mzere wa iye.